Batire Likatha Moto Pakati pa Tete ndi Angónia: Kukankha, Kujampa, Kutchaja Kapena Kugula Lina?

Batire la galimoto limene latha zaka ziwiri likuphikidwa ndi dzuwa la mumzinda wa Tete nthawi zambiri limakafera kwina. Limalizabe injini m'mawa uliwonse ku Matundo, ku Chingodzi kapena ku Moatize, mwini wake n'kumayesa kuti zonse zili bwino, mpaka tsiku limene adzakwere mtunda m'mwezi wa Juni kupita kumaliro ku Ulónguè kapena kukapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano, n'kugona komweko. Kukacha, akapotoza kiyi, amangomva kaphokoso kogogoda pansi pa boneti, magetsi a pa dashibodi akuphethira, injini ili duu.

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo otsika kwambiri, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pomwe pansi pa boneti pamatentha kuposa pamenepo. Kutentha kotere kumaphwetsa madzi a m'batire ndipo kumadya msanga mbale za mtovu zimene zili m'kati mwake, koma kufooka kwake kumabisika chifukwa injini yofunda siivuta kuzungulira. Ulónguè ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo m'mamawa a Juni ndi Julaye chisanu chimalimbitsa oilo wa mu injini komanso chimachedwetsa ntchito ya asidi m'batire, kotero kuti sitata, kamakina kozunguza injini poiliza, imafuna moto wambiri pa nthawi imene batire lili ndi wochepa. Anthu amaimba mlandu chisanu cha ku Angónia, chonsecho chisanucho changoulula zimene dzuwa la kuchigwa linachita kalekale.

Munthu amene waima pambali pa galimoto yokana kulira amagwira chimene chili pafupi, ndipo palibe angamudzudzule. Komabe njira zimene timazidziwa sizichiza nthenda imodzi. Kukankha, kujampa (kutenga moto pa batire lina) ndi kubwereka batire la mnzako kumangodzutsa injini, osabwezera batire moto wake. Kutchaja kumabwezera moto m'batire limene likadali ndi moyo, pamene kugula lina kumathandiza pokhapokha ngati vuto linalidi batire. Amene sasiyanitsa zinthu zitatuzi ndi amene amakankhidwa m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu, kapena amataya mameticais ake pa batire latsopano limene limafanso sabata isanathe.

N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwataya mphindi zochepa pofufuza chimene chachitika. Yatsani magetsi akutsogolo, wina aime akuwayang'ana, inu mupotoze kiyi. Magetsi akakhala owala bwino n'kukhalabe owala pamene mukupotoza, koma injini osagwedezeka, kawirikawiri batire silinalakwe, ndipo mlandu uli pa sitata, pa mawaya ake, kapena pa giya ya galimoto ya otomatiki imene sinakhazikike bwino pa P. Magetsi akazilala kapena kuthimiratu, moto ndi wochepa kapena ukulephera kudutsa. Pamenepo gwirani zomangira za pa mitu ya batire n'kuyesa kuzipotoza ndi dzanja. Misewu ya fumbi ndi miyala, monga yolowera ku Fingoé ndi ya m'midzi ya ku Macanga, imamasula zomangirazi pang'onopang'ono, ndipo ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pa mitu umatchinga moto ngakhale batire litakhala lodzaza. Mankhwala ake ndi sipanala, madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira, ndi kachidutswa ka sandipepa. Pomasula mumayamba ndi mutu wa negetivu, wolembedwa chizindikiro cha −, ndipo pomanga mumamalizira womwewo, kuti sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto isathethetse moto. Njira imeneyi siidya ndalama iliyonse, ndipo imadzutsa magalimoto ambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Amene ali ndi kamita koyezera magetsi, kamene amakaniko ndi okonza mafoni ambiri amakhala nako, amadziwa zoona msanga. Batire la galimoto lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chopereka ma volt pafupifupi 2.1, kotero kuti lodzaza bwino limene lapuma maola angapo limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka la moto wake, ndipo likatsika pansi pa 12 latheratu. Likamaonetsa cha m'ma 10.5 ngakhale mutalitchaja, chipinda chimodzi chafa, ndipo palibe tchaja imene ingachidzutse. Injini ikalira, kamita kayenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5, umene ndi umboni wakuti alitaneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, ikugwira ntchito. Kakangokhala pa 12 ndi kanthu injini ikulira, kapena kagetsi kofiira kooneka ngati batire kakakhala koyaka pa dashibodi, vuto lili pa alitaneta kapena pa lamba wake, ndipo njira zonse zodzutsira injini zingokufikitsani makilomita ochepa musanaimenso.

Kukankha ndi njira yakale kwambiri ndiponso yotchipa, chifukwa pamsika uliwonse kapena pa siteji ya machapa sipasowa anyamata amene angakuthandizeni mukawapempha mwaulemu kuti, "Achimwene, tandikankhaniko pang'ono," n'kuwapatsa ya fanta pambuyo pake. Kiyi amakhala pa malo oyatsa magetsi a pa dashibodi, giya imakhala yachiwiri, phazi lili pa kilatchi, ndipo galimoto ikafika pa liwiro la munthu wothamanga mumasiya kilatchi mwamsanga n'kuipondanso injini ikangogwira. Giya yoyamba imagwedeza galimoto mwamphamvu ndipo matayala amangokhwekhwereza, n'chifukwa chake yachiwiri ndiyo yabwino.

Malire a njirayi ndi ambiri masiku ano kuposa kale. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene adzaza misewu yathu ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, monga Vitz, Ractis ndi Noah, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a otomatiki. Galimoto ya otomatiki siilira pokankha ngakhale mutaitana mudzi wonse, chifukwa matayala ake salumikizana ndi injini mwachindunji pamene injiniyo ili chete, ndipo kuikoka ndi chingwe mtunda wautali kumawononga giyabokosi. Ngakhale ya magiya osintha ndi dzanja imafuna kuti batire likhale ndi kamoto kotsala koyendetsa pampu ya mafuta ndi kompyuta ya injini, kotero kuti ngati dashibodi siyaka n'komwe, anthu angotopa pachabe. Injini ya dizilo ndi yolimba kuzungulira, ndipo m'chisanu cha ku Tsangano imafunanso moto wotenthetsera mapulagi ake isanagwire. Pamchenga kapena m'matope a nyengo ya dzinja matayala amaterereka m'malo mozunguza injini. Choopsa chimene ambiri amachiiwala ndi chakuti injini ikakhala chete mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera, kotero kuti kutsetsereka pa chitunda chachitali cha ku Angónia poyembekeza kuti injini igwira panjira ndi kuseweretsa moyo. Ine ndimaona kuti kukankha n'koyenera Hilux yakale ya magiya a dzanja, pamalo athyathyathya kapena otsetsereka pang'ono, ndipo kukakanika kawiri kapena katatu ndi bwino kuleka.

Kujampa ndi nthambo ndiyo njira imene imagwira pa magalimoto a mitundu yonse, a otomatiki omwe, ndipo ndiyo imene ndingaiike patsogolo kwa aliyense woyenda mumsewu wodutsa magalimoto ambiri monga wa Tete kupita ku Zóbuè. Imafuna zinthu ziwiri, nthambo zabwino ndi dalaivala wachifundo. Pa nthambo m'pamene anthu amanyengedwa, chifukwa zambiri zotchipa zimaoneka zonenepa pomwe kunenepako ndi pulasitiki yokha, waya wa m'kati ali wowonda ngati wa wailesi. Nthambo zotere zimatentha m'manja, ndipo moto umene umafika ku sitata sukwanira, makamaka pa injini ya dizilo. Pogula, yang'anani pamene waya walowa m'chopanira kuti muone kukula kwa mkuwa weniweni, ndipo mumve kulemera kwake m'manja.

Dongosolo lolumikizira lili ndi chifukwa chake, ndipo n'lofunika kuliloweza pamtima. Magalimoto awiriwo ayandikane koma asakhudzane, onse atazimitsidwa. Nthambo yofiira imayamba pa mutu wa pozitivu, wa chizindikiro cha +, wa batire lakufa, n'kupita pa pozitivu wa batire lamoyo. Yakuda imayamba pa negetivu wa batire lamoyo, ndipo mbali yake yotsiriza imapanidwa pa chitsulo chosapentedwa cha injini ya galimoto yakufayo, chapatali ndi batire. Chifukwa chake n'chakuti polumikiza komaliza pamathetheka moto, ndipo batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto, n'kumwaza asidi kumaso kwa amene waweramirapo. Mukatero mulize galimoto yothandizayo, muisiye ikulira kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo kuti batire lakufa lilandireko kamoto, kenako muyese yanu. Musagwiritse sitata kupitirira masekondi khumi nthawi imodzi, ndipo muziipumitsa musanayesenso. Injini ikagwira, nthambo zimachotsedwa mobwerera m'mbuyo, kuyambira ija ya pa chitsulo cha injini. Kusemphanitsa yofiira ndi yakuda, kumene kumachitika kawirikawiri usiku pounikira ndi foni, kumapsereza fyuzi yaikulu, ndipo nthawi zina alitaneta ndi kompyuta ya injini zimapsera limodzi. Batire limene latupa m'mbali, lang'aluka, kapena likununkha ngati dzira lovunda lisajampidwe konse.

Chigawo chathu chili ndi msampha winanso. Misewu yopita ku zipata za Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano imadzaza ndi malole akuluakulu opita ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo galimoto ikafa pamsewu usiku, woyamba kuima nthawi zambiri amakhala dalaivala wa lole. Malole amenewa amayendera ma volt 24, kuchokera ku mabatire awiri olumikizidwa motsatizana, ndipo chimodzimodzinso malole ang'onoang'ono ambiri monga Canter ndi ma Land Cruiser ena akale a dizilo. Kulowetsa ma volt 24 m'galimoto ya ma volt 12 kumapsereza mababu, wailesi ndi kompyuta m'kanthawi kochepa. N'zotheka kutenga moto pa batire limodzi lokha mwa awiriwo, nthambo zonse ziwiri zitapanidwa pa mitu ya batire lomwelo ndipo magalimoto asakukhudzana, koma ntchito imeneyi ndi ya munthu amene akuona bwino mmene mabatirewo alumikizidwira. Kumbali inanso kuli magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi, monga Prius ndi Aqua, amene ali ndi kabatire kakang'ono ka ma volt 12 kongodzutsira makompyuta. Iwowa akhoza kujampidwa potsatira malangizo a m'buku lawo, koma mwini wake akakana kujampa galimoto yanu musamuyese wouma mtima, chifukwa magetsi a galimoto yakeyo sanapangidwire kuzunguza sitata ya injini ina.

Pali chizolowezi china chofala m'magalaja a m'mbali mwa msewu ndi pa masiteji chimene ndikuchitsutsa kotheratu. Nthambo zikasowa, anthu amachotsa batire lakufa, amaikapo la galimoto ina, amaliza injini, kenako amalichotsa injini ikulira n'kubwezerapo lakufa lija. Pa magalimoto akale opanda kompyuta anthu ankapulumuka nazo, ndipo n'kumene chizolowezichi chinachokera. Batire limagwiranso ntchito yoletsa moto wa alitaneta kulumpha, kotero kuti likachotsedwa injini ikulira, moto ukhoza kukwera mwadzidzidzi kufika pamlingo umene zipangizo za galimoto ya masiku ano sizingaupirire. Kuwonongeka kwake nthawi zina sikuoneka tsiku lomwelo, ndipo mwini galimoto amadzadabwa patapita masabata alitaneta itasiya kutchaja. Mofanana ndi zimenezi, kuyesa alitaneta pochotsa mutu wa batire kuti muone ngati injini izime n'kuwononga chinthu chimene mukuchiyesacho. Ngati amalume anu kapena mnansi wakubwerekani batire, njira yabwino ndi kulimanga bwinobwino injini ili chete, kupita nalo m'tauni lakufalo lili kumbuyo litaima chilili, n'kukabweza la eni ake mutatchajitsa kapena kugula lanu. Kugunditsa mabatire awiri mitu ndi mitu kapena kuwalumikiza ndi masipanala n'kuitana ngozi ya asidi m'maso.

Kabokosi kojampira ka batire la lithium ndi kachipangizo kamene kafala zaka zaposachedwapa, ndipo kamachotsa vuto lalikulu la nthambo, lomwe ndi kudikira galimoto ina. Kwa munthu woyenda njira za ku Chifunde, Marávia kapena Zumbo, kumene mungakhale maola osaona galimoto ndipo foni imataya netiweki, phindu lake ndi loonekeratu. Tambiri timalira kapena kukana kupereka moto mukasemphanitsa mitu, zimene zimateteza wosazolowera. Zofooka zake ndi zitatu. Kamafuna kutchajidwa miyezi ingapo iliyonse, ndipo ambiri amakakumbukira tsiku la tsoka kali kopanda kanthu. Kakang'ono kamene kamadzutsa Vitz sikangadzutse Land Cruiser ya dizilo, choncho muyenera kuwerenga kukula kwa injini kumene kalembedwa pa bokosi lake, n'kukayikira pang'ono manambala odzitama a pa tina totchipa. Chachitatu chikukhudza ife a kuchigwa makamaka: batire la lithium silikondana ndi kutentha, ndipo kulisiya m'galimoto yotseka magalasi padzuwa la Novembala ku Tete kumalikalambitsa msanga, mwinanso kulitupitsa. Mtengo wake umaposa wa nthambo zabwino, kotero kuti kwa woyenda m'tauni mokha nthambo n'zokwanira.

Injini ikadzuka mwa njira iliyonse mwa izi, ambiri amayesa kuti nkhani yatha, ndipo amati galimoto itchaja yokha poyenda. Zimenezi ndi zoona pang'ono chabe. Alitaneta inapangidwa kuti izibwezera kamoto kamene sitata yadya ndi kuyendetsa magetsi a galimoto, ndipo kuyenda theka la ola kungakupatseni moto wolizira injini kamodzi kapena kawiri. Kudzaza batire limene linatheratu kumafuna maola ambiri a ulendo. Munthu amene ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi kuwoloka mlatho wa Samora Machel kuchoka ku Matundo kupita kuntchito, atayatsa choziziritsira ndi wailesi, batire lake limakhala pa theka kwa milungu yambiri. Batire la mtovu likakhala losadzaza nthawi yaitali, mbale zake zimamera timiyala ta sulphate timene timauma n'kukana kusungunuka, ndipo malo osungira moto amachepa mpaka kalekale. Batire labwinobwino limene linangotha chifukwa mwana anasiya getsi la m'kati likuyaka usiku wonse limatha kufa motere m'miyezi yochepa, osati chifukwa cha usiku umodziwo koma chifukwa chosadzazidwa pambuyo pake.

Apa m'pamene kutchaja ndi tchaja ya pa magetsi kumaposa njira zina zonse, ngakhale kuti n'kochedwa. Lamulo losavuta ndi kupereka ma amp okwana gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala ya Ah yolembedwa pa batire, yonena kuchuluka kwa moto umene limasunga, kotero kuti la 45 Ah limalandira ma amp 4 kapena 5, la 70 Ah ma amp 7, kwa maola khumi kapena khumi ndi awiri. M'matauni ndi m'misika ikuluikulu yofikako magetsi a EDM mumapezeka otchajitsa mabatire pa mtengo wochepa, ndipo chofunika ndi kuwauza kuti simukufulumira, chifukwa kutchaja kwa changu kwa ola limodzi kumatenthetsa batire ndi kuwiritsa madzi ake. Batire likatentha moti dzanja silingakhalepo, kutchajako kuimitsidwe. Ngati lili ndi zitsekerero, zimasulidwe, ndipo madzi akhale ataphimba mbale zonse musanayambe. Madzi ake ndi aja ogulitsidwa m'mabotolo olembedwa kuti ndi a batire. A pamjigo, a pachitsime kapena a mu Zambezi ali ndi mchere ndi zitsulo zimene zimawononga mbale, ngakhale ataoneka oyera bwanji. Malo otchajira akhale opita mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya, ndipo asakhale chipinda chogona.

Ubwino wina wa kutchaja ndi wakuti kumaweruza batire mosakondera. Likadzaza, lisiyeni usiku wonse losalumikizidwa ku chilichonse, m'mawa muliyeze. Likakhala pa 12.6 kapena pafupi, likadali ndi moyo, ndipo ngati lidzathenso lili m'galimoto, wakuba moto, kutanthauza chipangizo chodya moto galimoto itazimitsidwa, muyenera kumufunafuna m'galimotomo. Likatsika lokha kufika pa 12.2 kapena pansi, lakalamba. Makaniko amene ali ndi chipangizo choyezera batire likusenza katundu angatsimikize zimenezi, ndipo ngakhale kamita wamba kamathandiza: pamene sitata ikuzungulira, batire labwino siliyenera kutsika pansi pa ma volt 9.6.

Kumidzi kumene nthambo za magetsi sizinafike, sola imagwira ntchito yomweyo koma mwapang'onopang'ono. Sola ya mawati 100 imapereka ma amp 5 kapena 6 dzuwa likakhala paliwombo, kotero kuti batire la 60 Ah limene latheratu limafuna pafupifupi masiku awiri a dzuwa labwino, ndipo m'dzinja la mitambo limafuna ochulukirapo. Sola yotchedwa ya ma volt 12 imatulutsa ma volt 18 kapena kuposa, choncho pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kachipangizo kowongolera moto, apo ayi batire likadzaza limayamba kuwira ndi kuphwa madzi. Ndiyenera kutchulanso chizolowezi chotsitsa batire la galimoto madzulo kuti liyatse wailesi ya kanema kapena zokuzira mawu pa chinkhoswe. Mbale za batire lolizira injini ndi zopyapyala, zopangidwira kupereka moto wambiri kwa masekondi ochepa, ndipo kulikama mpaka kutheratu kangapo kumalipha msanga kuposa chaka chathunthu cha dzuwa la ku Tete.

Za kukonzetsa batire lakufa sindinena zambiri, chifukwa phindu lake ndi lochepa. Ena amakhuthula asidi wakale n'kuthira watsopano, ndipo batire limaoneka ngati ladzuka kwa masabata angapo. Chimene chimaphwa m'batire ndi madzi, asidi amatsalamo, kotero kuti kuwonjezera asidi kumangokolezera kudyeka kwa mbale zimene zatha kale. Ena amang'amba chivindikiro n'kusintha chipinda chakufa ndi cha batire lina lakale. Batire lotere likhoza kuyatsa mababu awiri panyumba, koma sindingalidalire pa ulendo wa ku Furancungo ndi banja m'galimoto. Mabatire ogwiritsidwa kale ntchito ogulitsidwa pamsika ali m'gulu lomweli pokhapokha wogulitsa atalola kuti muliyeze likusenza katundu musanalipire.

Kugula latsopano kumafika pamene batire lalephera mayeso a usiku umodzi aja, latupa, kapena lajampidwa kangapo m'mwezi umodzi popanda chifukwa chooneka. Musanapite kusitolo, jambulani zolembedwa pa lakale. Magalimoto a ku Japan amakhala ndi manambala monga 46B24L kapena 55D23L, pamene nambala yoyamba ikunena za mphamvu, chilembo chapakati za kukula kwa bokosi, nambala yachiwiri za kutalika kwake m'masentimita, ndipo L kapena R womalizayo akunena mbali imene mitu yakhala. Kulakwitsa chilembo chomalizachi kumachititsa kuti mawaya asafike, ndipo mabatire a chilembo B amakhala ndi mitu yowonda imene zomangira zazikulu sizigwira. Mabatire ochokera ku South Africa amalembedwa manambala atatu monga 628 kapena 652, choncho wogulitsa ayerekeze kukula, mbali ya mitu ndi nambala ya Ah. Magalimoto amene amadzizimitsa okha pa maloboti amafuna mtundu wapadera, wolembedwa monga Q-85 kapena M-42, ndipo batire wamba silikhalitsa mwa iwo.

Pakati pa batire la zitsekerero ndi lomata, kusankha kumadalira khalidwe la mwini galimoto kuposa china chilichonse. La zitsekerero limalola kuti muziwonjezera madzi, zimene m'chigwa chotentha zimatalikitsa moyo wake ngati mumatsegula boneti mwezi uliwonse. Lomata limataya madzi pang'onopang'ono kwambiri ndipo limayenera munthu amene amadziwa yekha kuti sadzayang'anamo. Lililonse limene mwasankha, pemphani kuti aliyeze pamaso panu, chifukwa batire limakalamba lili pa shelefu, ndipo latsopano loonetsa pansi pa 12.4 lakhalitsa m'sitolo. Tengani lisiti ndi pepala la chitsimikizo chobwezera. Anthu a ku Angónia ndi ku Zóbuè nthawi zina amagula kutsidya, ku Dedza kapena ku Mwanza, kusinthana kwa metical ndi kwacha kukawakomera, ndipo palibe cholakwika, kungoti batire likafa chitsimikizo chisanathe muyenera kuwolokanso nalo malire. Pomanga, chitsulo chopanira batire chibwezeredwe pamalo pake, pakuti batire lomangidwa ndi mphira kapena longokhazikidwa limagwedezeka pa mabampu mpaka mbale zake kuthothoka.

Batire latsopano lisanakhale tsiku limodzi, alitaneta iyezedwe monga tafotokozera, ndipo wakuba moto afunidwe. Galimoto yozimitsidwa ndi kutsekedwa imadya kamoto kochepa kwambiri, kawirikawiri kosapitirira ma milliamp 50, koma wailesi yamphamvu yolumikizidwa molakwika, kachipangizo kolondolera galimoto, alamu kapena getsi la m'buti losazima zimatha kukama batire lathanzi m'masiku atatu kapena anayi. Amene amasiya galimoto kwa milungu, monga ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize akapita kwawo, kapena mlimi amene pikapu yake imadikira nyengo yokolola, achotse mutu wa negetivu ndipo azilitchaja batirelo kamodzi pa mwezi kapena miyezi iwiri, chifukwa m'malo otentha limadzithera lokha msanga ngakhale litachotsedwa.

Batire lakale lili ndi mtengo wake chifukwa cha mtovu umene uli m'kati, ndipo ogulitsa ambiri amalilandira n'kuchotserako pa mtengo wa latsopano, kapena ogula zitsulo zakale amalipikula. Funsani za kuchotserako musanatulutse ndalama, pakuti mukalipira kale nkhaniyo imavuta. Polinyamula liime chilili pa katoni kapena m'beseni lakale, chifukwa asidi amaboola nsalu ndi kudya chitsulo cha galimoto. Lisasiyidwe pakhomo pamene ana amasewera, lisaswedwe kuti mtovu wake usungunulidwe pa moto wophikira ngati zolemetsera maukonde a nsomba, ndipo asidi wake asakhuthulidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba, popeza mtovu ukalowa m'dothi umakhalamo zaka zambiri ndipo umawononga ubongo wa ana aang'ono ngakhale utalowa m'thupi pang'ono pokha.